Chimanga chotsatira soya chikadali chachikasu, vuto lili pati?

Nachisale: Akuluakulu, alangizi amati ukadzala soya, chaka chamawa chimanga chimapeza chonde m'munda momwemo. Nanga bwanji minda ina chimanga chimatulukabe chachikasu, kaufiti n'kuchulukanso?

Mlimi wa ku Mchinji: Mayi, choyamba onani ngati soyayo anagwiradi ntchito. Chimanga chimachita chikasu chikasowa nayitrojeni, chakudya cha mbewu chomwe chimabiriwitsa masamba. Mpweya uli ndi nayitrojeni pafupifupi 78 peresenti, koma mbewu siyingamutenge yokha. Amatenga ndi mabakiteriya okhala m'timibulu ta pa mizu. Iwo amapatsa soya nayitrojeni, soya n'kuwapatsa shuga. Soya akayamba maluwa, zulani phando limodzi ndi khasu, tsukani mizu, dulani kambulu ndi chikhadabo. Mkati mukafiira, ntchito ikuyenda. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, palibe chikuchitika. Nthawi zambiri chifukwa chake ndi inokulanti (mabakiteriya omwewa opaka mbewu ya soya musanadzale) yemwe anasiyidwa padzuwa mabakiteriya n'kufa, kapena nthaka yosowa fosiforasi. Inokulanti mupake mbewu pamthunzi ndipo mudzale tsiku lomwelo. Musathirenso yureya pa soya: akapeza nayitrojeni waulere sapanga timibulu tambiri.

Gogo Banda: Zoona, koma chachikulu chimatayika pokolola. Nayitrojeni wambiri wa soya amapita m'njere, njerezo zapita kumsika. Zotsalira anthu amakapunthira pakhomo, kenako kutentha. Ndiye m'mundamo mwatsala chiyani? Moto umauluza nayitrojeni, phulusa limangosunga potaziyamu ndi michere ina pang'ono. Bwezani zotsalirazo kumunda kuti chiswe, nyongolotsi ndi nkhungu ziziphwanye.

Chenjeraninso ndi mapesi a chimanga. Mukakwirira ambiri mvula itayandikira, tizilombo towoletsa timayamba tabwereka nayitrojeni wa m'nthaka kuti tigaye mapesiwo, chimanga chaching'ono n'kuchita chikasu kwa masabata angapo. Kwirirani msanga mukangokolola, mosakaniza ndi masangwi a mtedza kapena masamba a nandolo. Ine ndimaona kuti nandolo amaposa soya pobwezeretsa chonde, chifukwa amayoyola masamba miyezi yambiri ndipo mizu yake imakatenga michere pansi pomwe chimanga sichifika.

Mphunzitsi Zimba: Za kaufiti ndiwonjezereko. Njere zake zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10, kudikira madzi ena otuluka m'mizu ya chimanga kapena mapira. Nthaka ikaguga, chimanga chimatulutsa madziwo ochuluka poitana nkhungu zothandiza mizu kupeza fosiforasi, ndipo kaufiti amamvanso kuitana komweko n'kumera, kumamatira pamuzu n'kuyamba kuyamwa. N'chifukwa chake amakonda minda yoguga. Soya, mtedza ndi thonje zimameretsa njerezo koma kaufiti sapeza pogwira, amafa. Chaka chimodzi sichikwanira. Pafunika kasinthasintha wa zaka zingapo, ndi kumuzula asanabereke njere.

Nachisale: Zikomo kwambiri. Ndiye feteleza tisiyiretu?

Mlimi wa ku Mchinji: Ayi mayi. Wokulitsa thirani ndithu chifukwa cha fosiforasi. Wobereketsa ndi amene mungachepetseko, pokhapokha timibulu tija tinali tofiira ndipo zotsalira zinabwerera m'munda.