Kodi "sunga khosi, mkanda woyera udzavala" ndi mwambi woyenera kuuza munthu wovutika pa Lenti?

Wofunsa, wa ku Kapata mu Chipata:

Akuluakulu ndi abale nonse, ndikupempha kuti mundithandize kumvetsa tanthauzo lenileni la mwambi wakale uja woti "sunga khosi, mkanda woyera udzavala." Kodi makolo athu ankaunena kwa yani, ndiponso pa nthawi yotani? Nanga ife Akatolika tikulondola pamene tikuugwiritsa ntchito m'nyengo ino ya Lenti ngati kuti ukunena chimodzimodzi ndi kukhulupirira Mulungu pakati pa masautso?

Chimene chandifunsitsa ndi ichi. Lachisanu lililonse tikamaliza Njira ya Mtanda, ife a mphakati wathu, kagulu ka akhristu a m'dera limodzi, timayendera odwala. Mwa iwo muli mayi wina wamasiye amene miyendo yawo inatupa moti sathanso kutsika pakhonde, ndipo akulera adzukulu atatu m'nyumba imene ufa unatha kale mu Januwale. Mmodzi mwa ife, munthu wachifundo ndithu, anawagwira dzanja n'kuwauza mwambiwu kuti awalimbitse mtima. Mayiwo anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Nanga khosilo likalowa m'manda lisanavale, mkandawo adzavala ndani?" Palibe amene anayankha, ndipo tinangoyamba kupemphera Atate Athu.

Kuno kwathu Lenti imagwa m'miyezi ya njala, pamene nkhokwe zambiri zilibe kanthu ndipo chimanga cha m'munda sichinakhwime. Mu 2024 tinalandira phulusa pa 14 Febuluwale mbewu zikufota ndi dzuwa, ndipo pa 29 mwezi womwewo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Motero mawu otonthoza amene timalankhula m'nyengoyi amagwera anthu amene akusala kale popanda kufuna, ndipo mantha anga ndi akuti mwina timawalonjeza m'dzina la Mulungu chinthu chimene Mulunguyo sanalonjeze.

Mayi wina wa ku Chadiza:

Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa. Ine mwambiwu ndinaumva kwa ambuya anga, ndipo sindinawamvepo akuunena kwa wodwala kapena kwa ofedwa. Ankaunena kwa achinyamata, makamaka atsikana amene mtima wawo unali kuthamangira zinthu nthawi yake isanakwane. Kale mikanda inali chinthu chosowa, chifukwa inkabwera ndi amalonda ochokera kunyanja yamchere pamodzi ndi nsalu, ndipo ankaisinthanitsa ndi minyanga ya njovu. Si aliyense ankaipeza, ndipo wofuna kuipeza mwachidule ankatha kutaya mbiri yake, ngakhale moyo wake umene. Khosi m'mwambiwu ndi moyo wa munthu pamodzi ndi ulemu wake. Makolo ankauza mwana amene ali ndi masiku ambiri kutsogolo kuti adzisunge, asadziponye m'ngozi chifukwa cha dyera kapena changu, pakuti chokoma chikadzafika chidzafunika kumupeza wamoyo.

Kwa munthu wodwala makolo sankapita ndi miyambi. Ankapita ndi phala, mtolo wa nkhuni ndi madzi, n'kukhala pansi pamphasa osalankhula zambiri.

Pali china chimene chimandiwawa, ndipo ndichinena pano popeza mwayamba nkhaniyi. Ndaonapo mwambi womwewu ukugwiritsidwa ntchito pobweza mkazi ku banja limene akumenyedwa, kumuuza kuti apirire ndipo mkanda adzavala. Kumeneko ndi kuupotoza mwambi. Ngati kusunga khosi ndi kusunga moyo, ndiye kuti mkazi amene wathawira kwa ankhoswe kapena kupolisi asanavulazidwe ndi amene wamvera makolo, osati amene wakhala chete mpaka kutuluka m'nyumbamo atanyamulidwa.

Mkatekisiti wa ku Katete:

Ndikugwirizana ndi amayi a ku Chadiza, ndipo ndiwonjezere mbali ya chikhulupiriro chathu. Mwambiwu uli ndi lonjezo mkati mwake, loti ukachita ichi udzalandira icho. Nzeru imeneyi ndi yabwino polera ana, koma ikalowa m'chipinda cha wodwala imafanana ndi ya anzake a Yobe aja, amene ankaumirira kuti wolungama amapeza bwino ndipo wovutika ayenera kuti analakwa penapake. Tikumbukire kuti pa Yobe 42:7 Mulungu anakwiyira Elifazi ndi anzake awiri chifukwa sananene zoona za Iye, koma Yobe amene anadandaula ndi kufunsa mafunso owawa ndiye anayesedwa wonena zoona. Choncho funso la mayi wamasiye uja si kusowa chikhulupiriro. Yesu mwini wake ali pa mtanda anafuula ndi mawu oyamba a Salimo 22, kufunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira, ndipo Mpingo sunabise mawu amenewa, timawamva poyera pa Lamulungu la Kanjedza.

Kalata ya kwa Ahebri, mutu 11, imatchula anthu ambiri a chikhulupiriro, kenaka imanena mosabisa kuti anamwalira asanalandire zimene analonjezedwa. Mneneri Habakuku nayenso, pa 3:17-18, akuti adzakondwerabe mwa Chauta ngakhale mkuyu usaphuke, minda isabale chakudya ndipo m'khola musakhale ng'ombe. Mlimi aliyense wa kuno kum'mawa amene anaona 2024 akudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Kukhulupirira Mulungu kotere sikudikira malipiro a pansi pano, ndipo apa ndi pamene pali kusiyana ndi mwambi wathu.

Komabe chovala choyera chilipo m'chikhulupiriro chathu. Usiku wa Pasaka obatizidwa chatsopano amalandira chovala choyera, ndipo pa Chivumbulutso 7:14 amene avala zoyera ndi iwo amene atuluka m'masautso aakulu. Ngati wina afuna kulumikiza mkanda woyera ndi chovala chimenechi, ine sindimuletsa, bola anene zoona zake zonse, kuti chovalacho ndi mphatso yochokera ku imfa ndi kuuka kwa Khristu, kuti manda sachilanda, ndiponso kuti sichitanthauza kuti matenda atha chaka chino. Yankho la funso la mayi uja likanayambira pamenepa, koma liyenera kunenedwa ndi munthu amene wafika ndi kanthu m'manja.

Ndikutero chifukwa mwa malo 14 a Njira ya Mtanda, Yesu amagwa katatu, ndipo palibe pamene wina akumuuza kuti apirire. Pa malo achisanu Simoni wa ku Kirene akusenza mtanda, pa malo achisanu ndi chimodzi Veronika akumupukuta nkhope. Lamulo la kusala pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera limakhudza a zaka 18 mpaka 59, ndipo odwala salikakamizidwa. Kusala kumene Yesaya 58 akukutchula ndi kugawana chakudya ndi anjala, kutanthauza kuti ufa umene banja lapulumutsa posala uli ndi mwini wake kale. Tikumbukirenso malemu Kadinala Medardo Mazombwe, amene anali episkopi wathu wa Chipata mpaka 1996 asanapite ku Lusaka, ndipo anamwalira mu 2013. Iwo ankakhulupirira Mulungu kwambiri, koma sanauze dziko kuti lingopirira ngongole zakunja zimene zinali kumana ana sukulu ndi mankhwala. Analankhula mpaka kunja kwa Zambia kuti ngongolezo zikhululukidwe.

Mlimi wa ku Mambwe:

Atate akatekisiti, ndamva zonse ndipo sindikutsutsa, koma ndikupempha kuti mwambiwu tisauchotse m'tchalitchi. M'chaka cha chilala chija ogula anafika m'midzi mwathu kufuna ng'ombe zolimira pa mtengo wozizira, podziwa kuti tili ndi njala. Ine ndinatsala pang'ono kugulitsa ziwiri zanga, koma malume anga anandiuza mwambi womwewu, ndipo tinapirira ndi maganyu ndi chakudya kamodzi pa tsiku. Mvula itabwera bwino chaka chotsatira ndinalima ndi ng'ombe zanga, pamene anzanga ena anabwerera ku khasu. Kwa ine mwambiwu unali mawu a Mulungu odzera mwa mkulu, ondiletsa kuchita chinthu chifukwa cha mantha. Munthu wataya mtima ndi amene amagulitsa munda, kumwa mankhwala a thonje kapena kupita kwa sing'anga kukafuna womulodza. Lenti ikatiphunzitsa kudziletsa, ikutiphunzitsanso kusathamanga pa nthawi ya mdima.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri amayi, atate akatekisiti ndi inu akulu a ku Mambwe. Mmene ndamvera, mwambiwu ndi wa munthu amene adakali ndi chosankha patsogolo pake, monga wachinyamata, mlimi wofuna kugulitsa ng'ombe, kapena mkazi amene ayenera kupulumutsa moyo wake, ndipo kwa otere ndi woyenera kuulalikira ngakhale paguwa. Kwa amene mphamvu zawathera, lonjezo lake limatha kusanduka katundu wina pamwamba pa umene ali nawo kale.

Ndatsala ndi pempho limodzi kwa akuluakulu a ku Petauke, ku Lundazi ndi kwa Mpezeni, kumene Chinsenga, Chitumbuka ndi mwambo wa Angoni zili ndi miyambi yake. Kodi ulipo mwambi wa makolo umene umanena za kudalira Chauta popanda kulonjeza kuti zinthu zisintha? Umene ine ndikuudziwa wonena za mavuto otsatizana ndi uja woti "mvula ikakuona litsiro sikata," koma umenewu umangofotokoza tsoka, sutchula wodalirika. Amene muli nawo wina, chonde ulembeni m'chilankhulo chanu momwe umanenedwera, ndipo mutiuzenso amene ankaunena ndi nthawi imene ankaunenera.