Galu woopa mabingu uja: chifukwa chake mantha akula

Munafunsa za galu amene amanjenjemera n'kubisala kunsi kwa bedi kukamachita mabingu, ndipo tinalangiza zomuzolowetsa pomuikira phokoso la mabingu lojambulidwa. Tsopano mwatiuza kuti mantha akuwonjezeka. Nthawi zambiri vuto limakhala voliyumu: mwayamba mokweza.

Mupumitseni kwa sabata imodzi. Poyambiranso, tsitsani mpaka galuyo azingotukula khutu koma osadzuka pamene wagona. Mphindi 5 zokha patsiku. Phokoso liyambe kumveka, kenako mupatseni kachidutswa ka nyama. Mukatsogoza nyama, amayamba kukayikira chakudyacho. Akamayasamula, kunyambita milomo, kupuma wefuwefu kapena kukana nyamayo, mwapitirira malire. Zimitsani, mawa muyambe motsika. Kwezani pang'ono pokhapokha atadekha masiku atatu otsatizana.

Mvula yeniyeni imabweranso ndi mphenzi ndi mphepo, choncho tsekani makatani, ndipo musamukoke pamene wabisala. Kumusisita akabwera kwa inu sikukulitsa mantha.

Ngati ndi wokalamba ndipo izi zayamba posachedwa, dokotala wa ziweto amuyeze, chifukwa ululu wa m'mfundo umakulitsa kuopa phokoso. Chonde musamupatse mankhwala ogonetsa otchedwa acepromazine paokha: amafooketsa thupi koma mantha amakhalapobe.