Mwambo wokumbukira ophedwa: tiukonze bwanji milandu ikadali kukhoti?

Mlembi wa komiti ya m'dera, Mangochi

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Komiti yathu ikufuna kuchititsa mwambo wokumbukira anthu amene anaphedwa m'dera lino, kuti mavuto a mabanja awo amveke, tisonkhenso thandizo. Koma milandu yambiri sinathe, woganiziridwa mmodzi ali pa belo ndipo amagula pamsika umodzi ndi aferedwa, pomwe achinyamata akuti tiyende ndi zikwangwani za mayina a oganiziridwa. Mabanja ena avomera, ena angoti zii. Tiyambire pati?

Wothandiza za malamulo, Zomba

Achimwene, dzina la woganiziridwa lisaoneke pachikwangwani, lisatchulidwenso pa mkuzamawu. Khoti lisanagamule, munthuyo sanapezeke wolakwa, ndipo gulu likatentha mitima likhoza kuthamangira kunyumba kwake. Mukatero mwawonjezera maliro ena ndi mlandu wina. Chachiwiri, wachibale amene ndi mboni asafotokoze pagulu zimene anaona. Akalankhula mosiyana pang'ono ndi sitetimenti yake ya kupolisi, loya wa mbali inayo adzamupanikiza nazo.

Za belo muwafotokozere aferedwa mwambo usanafike, chifukwa ambiri amaganiza kuti munthu akatuluka ndiye kuti mlandu wagulidwa. Belo pa mlandu wakupha amapereka ndi khoti lalikulu, majisitireti alibe mphamvuyo. Lamulo linaikanso malire a masiku 90 osungira woganiziridwa mlandu wotere usanayambe, ndipo khoti likhoza kuwonjezera masiku 30. Belo imabwera ndi malamulo ake. Ngati akuopseza mboni, lembani tsiku, malo ndi mawu amene ananena, mupite nazo kwa wapolisi wofufuza kuti boma likapemphe khoti limubweze m'ndende.

Mlangizi wa za maganizo, Blantyre

Amene angoti ziiwo musawabwererenso ndi mfumu kapena abusa kuti akawanyengerere. Pamaso pa akuluakulu munthu amavomera chifukwa cha ulemu, mtima usakufuna. Banja lililonse lifunsidwe palokha, kunyumba, ndi anthu awiri basi, ndipo mafunso akhale osiyana: kodi dzina la malemu litchulidwe, chithunzi chionetsedwe, alipo wofuna kulankhula? Kuvomera chimodzi si kuvomera zonse. Ana asaimitsidwe kutsogolo, ndipo zithunzi za mtembo kapena malo a imfa zisayende pa WhatsApp m'dzina lodziwitsa anthu.

Konzani chipinda chapambali chokhala ndi madzi, mipando ndi alangizi awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Pakatha masiku awiri kapena atatu muwayendere onse amene anabwera. Mwambo umatokosa chilonda, ndipo usiku wotsatira ndi umene ambiri amasowa tulo.

Wa ofesi ya chisamaliro cha anthu, Dedza

Ine nkhawa yanga ili pa thandizolo. Pamaliro anthu amabwera ndi ufa, nkhuni ndi chipepeso, koma akameta, khomo limatsala lokha. Zimene zimasautsa banja pambuyo pake ndi mapepala ndi ndalama yoyendera.

Banja lililonse mulitsegulire fayilo. Mukhale nambala ya mlandu ya kupolisi, dzina ndi foni ya wofufuza, umboni woti mtembo unapimidwa, ndi chiphaso cha imfa cha ku NRB, ofesi ya boma ya kalembera wa anthu. Popanda chiphasocho, penshoni, inshulansi ndi ndalama za kubanki sizituluka. Dziwaninso kuti dokete, lomwe ndi fayilo ya mlandu, likachoka kupolisi limapita ku ofesi ya DPP, mkulu wozenga milandu ya boma, ndipo woimba mlandu ndi boma. Banja limangokhala mboni, n'chifukwa chake nthawi zambiri limamva mochedwa kuti tsiku linaikidwa kapena lasunthidwa. Sankhani munthu mmodzi wa komiti woti mwezi uliwonse azikafunsa ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, n'kubwera ndi yankho kubanjako, ngakhale yankholo likhale loti palibe chasintha.

Ndalama zosonkha musazigawe tsiku lomwelo mu maenvelopu. Zimathera pa ngongole za maliro, mwinanso m'thumba la malume. Zikhale ku akaunti ya osayinira atatu, zizilipira thiransipoti ya kukhoti, fizi ndi yunifolomu ya ana, mbewu ndi feteleza mvula isanagwe. Lisiti lililonse lizisungidwa, ndipo lipoti liziwerengedwa pamsonkhano wa mudzi. Banja losowa kwambiri mulipereke ku ofesi yathu kuti liunikidwe ngati likuyenera kulowa mu Mtukula Pakhomo.

Wothandiza za malamulo, Zomba

Ndiwonjezere pa zimene anena a ku Dedzawa. Fufuzani msanga ngati akuchimuna kapena akuchikazi ayamba kutola katundu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chumacho ndi mlandu. Lembani mndandanda wa katundu, mfumu isayinire. Povuta ndi pamene woganiziridwa ndi wa m'banja momwemo, monga bambo kupha mayi. Apo ana amakanganiridwa ndi mbali ziwiri, choncho a chisamaliro cha ana alowepo sabata yomweyo. Nambala ya foni yothandiza ana, ya 116, ndi yaulere.

Mlembi wa komiti ya m'dera, Mangochi

Zikomo kwambiri. Ndiye mayina a oganiziridwa tachotsa. Nanga kuyenda pamsewu tisiye?

Mlangizi wa za maganizo, Blantyre

Yendani, bola mudziwitse a DC ndi apolisi mwa kalata nthawi ikadalipo, ndipo njira isadutse kunyumba kwa woganiziridwa aliyense. Aferedwa amene sakufuna kuyenda akakupezeni pamalo a mwambo, kapena akhale kwawo, thandizo lawo lisachepe chifukwa cha zimenezo.