Zikomo, malamulo a anyamata okoka mawaya aja atheka

Akuluakulu, ndabwera kudzathokoza. Paja ndinafunsa mmene ndingalembere malamulo oteteza amisiri athu okoka mawaya a intaneti m'mbali mwa msewu wa M3 kuno ku Mangochi. Mwandithandiza zedi.

Tatsata malangizo a achimwene amene anati likhale tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, osati chibuku chongogona mu ofesi. Makwerero satsamira pa pholo makoni ochenjeza magalimoto asanayalidwe, galimoto imaima kumbali kochokera magalimoto mahazadi akuthwanima, ndipo mmodzi amatsala pansi ndi mbendera yofiira, foni ili m'thumba. Dzuwa likalowa, tiweruke.

Abwana ankazengereza pa ndalama, koma atamva kuti lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare la 1997 limaika udindo woteteza antchito pa olemba ntchito, anasayina. Majekete okhuthala anyamata anawakana, ndi kutentha kwa kunoku sindiwadzudzula, tagula opyapyala.

Kwa amene mukulemba anu: musangoopa malole. Akabaza ndi njinga zamoto amadutsa m'mphepete mwenimwenimo, pomwe pali mwendo wa makwerero, makamaka chakumlatho wa Bakili Muluzi. Makoni azitsekanso kanjira kameneko.