Foni ya kasitomala ikuulula zinsinsi zake: ndifulashe kapena ndiyambire pati?

Yohane wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pabenchi panga pokonzera mafoni pabwera mayi wina ndi foni ya Tecno Spark. Akuti chilichonse chomwe alembera mchemwali wawo pa WhatsApp, bambo akunyumba amachidziwa tsiku lomwelo, mpaka kubwereza mawu ake enieni. Komwe apita masana amakudziwanso asanauzidwe. Mayiwa akufuna ndiifulashe yonse, ndiko kuti ndifufute zonse zili m'fonimo n'kuikamo pulogalamu yoyendetsa foni mwatsopano. Foniyo ilibe vuto lina, sikirini ndi batire zili bwinobwino. Apita nayo kumsika, abweranso madzulo. Ndingofulasha?

Bwanali wa ku Bangwe: Fulashani aise. Ngati muli kapulogalamu kobisika kafera momwemo, mayi apite ndi mtendere.

Matiki wa ku Limbe: Ayi a Bwanali, musamuthamangitse mnyamatayu. Kufulasha kumachotsa zomwe zili m'foni, koma nthawi zambiri choulula sichikhala m'foni, chimakhala mu akaunti. Mufulasha, mayi alowetsanso Gmail yomwe ija, pasiwedi yomwe ija imene bambo akuidziwa, ndiye mwachitapo chiyani? A Yohane, akabwera yambani ndi WhatsApp. Madontho atatu pamwamba paja, kenako Linked devices. WhatsApp imalola kulumikiza zipangizo zina zinayi ku nambala imodzi, ndipo kuyambira 2023 ngakhale foni inzake imatha kulumikizidwa, osati kompyuta yokha. Munthu wodziwa kutsegula foniyo amangofunika kuigwira kamphindi kochepa mwini wake akusamba, wajambula nayo khodi ya QR yooneka pa chipangizo chake, basi. Uthenga uliwonse umafika konsekonse nthawi imodzi. Anthu amadzitonthoza kuti WhatsApp imabisa mauthenga kuti wapakati asawawerenge. Ndi zoona, koma ameneyu si wapakati. Kwa WhatsApp, chipangizo cholumikizidwacho ndi mayi yemweyo.

Za komwe akupitazo, afunseni kuti Gmail ili m'fonimo anatsegula ndani. Amayi ambiri foni amagulilidwa itaikidwa kale akaunti. Amene ali ndi pasiwedi ya Gmail imeneyo amaona pomwe foni ili pa mapu osaika pulogalamu iliyonse, ndipo ngati Google Photos ndi yoyatsa, zithunzi amazionanso. Onaninso mu Google Maps pa Location sharing.

Chisomo wa ku Chirimba: Zonse zomwe anena achikulire a Matiki ndi zoona, koma achimwene a Yohane, mukachipeza musathamangire kudina Log out. Mukadina apa, uko kumazima nthawi yomweyo, ndipo bamboyo adziwa kuti mayi atulukira. Inu mutseka shopu mupita kwanu, mayiwo akagona m'nyumba imodzi ndi munthu amene wapsa mtima. Mwamuna wofika powerenga mauthenga a mkazi wake tsiku ndi tsiku, ena mwa oterewa dzanja silichedwa. Aonetseni mayiwo zomwe mwapeza, afotokozereni kuti mukachotsa chichitike n'chiyani, asankhe okha tsiku lochotsera.

Chachiwiri, umboni. Musanasinthe kalikonse jambulani sikiriniyo ndi foni ina, monga ya mchemwali wawo uja. Musajambulire m'foni momwemo chifukwa chithunzicho chikhoza kukwera ku Google Photos, bambo n'kuchiona. Akafuna kukadandaula ku Victim Support Unit kupolisi, kapena kukhoti pansi pa lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja la 2006, akakhale ndi choonetsa. Mukafulasha mwafufuta umboni wonse.

Bwanali wa ku Bangwe: Achemwali, ife si ankhoswe. Tikayamba kulowa za m'mabanja a eni, mawa bamboyo abwera pabenchi ndi ukali. Ndipo tisabisane, azibambo amabwera kwa ife tomwe kudzapempha kuti tiwalumikizire. Amalipira bwino kuposa wosintha sikirini.

Matiki wa ku Limbe: Amabweradi, ngakhale amayi amabwera ndi mafoni a amuna awo. Ine onse ndimawabweza chimodzimodzi, ndipo anyamata anga apashopu amadziwa kuti wochita zimenezo ntchito yamuthera. Ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko lino imateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo zomwe amalankhulana ndi anzake pa lamya. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowa m'chipangizo cha munthu kapena kutchera mauthenga ake popanda chilolezo. Chikalata cha ukwati si chilolezo. Nkhani ikafika kupolisi bamboyo adzangoloza benchi yanu, a Bwanali, kuti anandikonzera ndi uyu. Komanso ganizirani izi: munthu amatisiyira foni yokhala ndi zithunzi za ana ake, Mpamba kapena Airtel Money yake, makalata a kuchipatala. Akamva kuti m'Limbe okonza mafoni ndi omwe amatchera anthu, adzatisiyirabe? Pa nkhani ya a Yohane palibe zaunkhoswe. Mwini foni wafunsa kuti ndani ali m'foni mwake, ndipo kuyankha funso limenelo ndi ntchito yathu.

Lonjezo wa pa Wenela: Ndiwonjezepo za kapulogalamu kobisika, chifukwa nthawi zina kamakhalamodi. Tsegulani Play Store muone Play Protect, yomwe imafufuza mapulogalamu oipa m'foni. Ngati ndi yozimitsa pomwe mwini foni sadziwa n'komwe kuti ili pati, wina anazimitsa dala. Kenako mu Settings onani malo atatu: Accessibility, Device admin apps, ndi Notification access. Mapulogalamu otchera amadutsira pamenepo kuti aziwerenga zolembedwa pasikirini komanso kuti asachotsedwe mosavuta. Amadzipatsa mayina ooneka ngati a foni yeniyeni, zokhala ndi mawu oti System kapena Sync, ndipo chizindikiro chawo sichioneka pamodzi ndi mapulogalamu ena. Onaninso chomwe chikudya bandulo. Mukakayika, yatsani foni mu Safe mode, zonse zoikidwa pambuyo zimagona.

Za *#21# zomwe anthu akugawana pa TikTok, zoti mukaimba nambalayi mudziwa ngati foni ikutcheredwa, musawanamize nazo makasitomala. Nambala imeneyo imangoonetsa ngati mafoni obwera akupatutsidwira ku nambala ina, ndipo ##002# imathetsa kupatutsako. Siionetsa pulogalamu yotchera. Ndipo ngati mayiwo akugwiritsa ntchito GB WhatsApp, yomwe ndi WhatsApp yosinthidwa ndi anthu ena osati eni ake, achoke, abwerere ku yeniyeni. Palibe amene angakutsimikizireni zomwe anaikamo opanga zimenezo.

Chisomo wa ku Chirimba: Afunseninso kuti simu khadi inalembedwa pa chitupa cha ndani. Pa kalembera wa masimu wa 2018 anthu ambiri analembetsa pa chitupa cha mwamuna kapena cha m'bale, mpaka lero zidakali choncho. Ngati ili m'dzina la bamboyo, atha kukanena kuti yatayika, n'kupatsidwa ina ya nambala yomweyo. Khodi yotsegulira WhatsApp ya nambalayo ifika kwa iwo. N'chifukwa chake Two-step verification ya mu WhatsApp ndi yofunika: manambala 6 odziwa mayi okha, osati chaka chobadwa cha mwana.

Yohane wa ku Ndirande: Abwera, tayang'ana limodzi. Pa Linked devices pali Google Chrome ya pa Windows, ikuonetsa kuti yatsegulidwa lero lomwe. Mayiwa kompyuta sanaigwirepo, koma bambo ali nayo kuntchito. Gmail anatsegula ndi bambo pogula foni, mayi pasiwedi saidziwa. Simu ilinso m'dzina la bambo. Pa zala zotsegulira foni palembedwa ziwiri pomwe mayi akuti anaika chimodzi. Malo atatu a a Lonjezo aja ndi oyera, Play Protect ndi yoyatsa. Sindinadine kalikonse. Ndawafotokozera monga mwanenera achemwali. Akhala chete nthawi yaitali, kenako akuti zisiyeni kaye momwemo. Mchemwali wawo anabwera nawo, wajambula zonse ndi foni yake. Akuti mawa agula ka itel kakang'ono ndi simu yolembedwa pa chitupa chawo, kazikhala kwa mchemwaliyo.

Matiki wa ku Limbe: Mwagwira bwino. Muwachenjeze kuti nambala yatsopanoyo asaisunge m'foni yakale, chifukwa manambala amakwera ku Gmail ya bambo ija. Asaitumizenso kwa aliyense kudzera pa WhatsApp yakale. Ndalama za bizinesi yawo asamutsire ku akaunti ya nambala yatsopano, ndi PIN ina.

Tsiku lomwe adzabwere kuti tsopano chotsani, ntchito yake idzayende motere. Yambani ndi kutsegula Gmail yatsopano, pasiwedi alembe okha inu mutayang'ana kumbali, ndipo nambala yobwezeretsera akaunti ikhale yatsopano ija. Koperani zithunzi ndi manambala awo. Kenako chotsani akaunti yakale mu Settings musanafomate. Mukafomata isanachotsedwe, FRP, loko ya Google yoteteza foni kwa akuba, idzafuna pasiwedi ya bambo yomwe mayi alibe, foni n'kutsekeka. Mukamaliza aike PIN yotsegulira yatsopano, chala chawo chokha.

Bwanali wa ku Bangwe: Chabwino, ndamva. Nanga ntchito yotereyi mukulipiritsa bwanji? Simunatsegule foni, simunaike sipeya, koma nthawi yapita.

Chisomo wa ku Chirimba: Ine ndimalipiritsa ngati ya kufulasha, ndipo ndimanena mtengo tisanayambe. Palisiti ndimangolemba kuti kuyeza foni, chifukwa lisiti limatha kupezeka m'chikwama kunyumba. A Yohane, mayiwo akabwera mawa ndi ka itel kaja, muwaikirenso PIN ya simu, ndipo PUK, nambala yotsegulira simu ikatseka, ailembe papepala lisungidwe kwa mchemwali wawo. Akalakwitsa PIN katatu simu imatseka.