Timu ikuyendetsedwa moipa: masapota tingachite chiyani kupatula kukuwa?

Wapampanda

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Timu ikamagonja timathamangira kunena kuti kochi achoke, chonsecho nthawi zambiri chawola ndi kumtunda. Ku timu yathu makochi akusinthidwa ngati malaya, anyamata abwino ochokera ku timu ya achisodzera akugulitsidwa sizoni isanathe, mphekesera zikuti malipiro a osewera akuchedwa, tikiti ikukwera mtengo, koma tikafunsa akuluakulu a timu amangoti zonse zili m'chimake. Ndiye mafunso anga ndi awiri. Tingadziwe bwanji ngati vuto ndi kusowa ndalama, kusadziwa ntchito, kapena kusolola kumene? Nanga ndi njira ziti zimene masapota anayesapo kwina zikaphula kanthu?

Wamabuku

Achimwene, musanalembe chikwangwani chilichonse yambani mwadziwa kuti mwini timuyo ndani pamalamulo. Apa ndi pamene masapota ambiri amaphonya. Timu ikhoza kukhala bungwe la mamembala, ikhoza kukhala kampani ya munthu kapena ya anthu angapo, kapenanso nthambi chabe ya kampani ina yaikulu. Ngati ndi ya mamembala, mphamvu zanu zili m'malamulo oyendetsera timu: amanena tsiku la msonkhano waukulu wa pachaka, chiwerengero cha mamembala chofunika kuti msonkhano utheke, ndi masiginecha angati amene angaitanitse msonkhano wadzidzidzi. Ngati ndi kampani, mulibe voti ngakhale mutakhala kuti mwachemerera timuyo kuyambira muli mwana. Chomwe muli nacho ndi ndalama zanu ndi manyazi amene mungawachititse eni ake.

Kenako funani lipoti la zachuma lomwe launikidwa ndi akatswiri odziyimira paokha, osati pepala lomwe walemba msungichuma yekha. Timu yomwe ili ndi chiphaso chosewerera mu ligi yaikulu kapena m'mipikisano ya CAF (bungwe la mpira la mu Africa) ndi UEFA (la ku Ulaya) imayenera kupereka malipoti otere kuti ilandire chiphasocho, choncho asakunamizeni kuti kulibe. Mukalipeza musatope ndi masamba onse. Onani zinthu zitatu.

Choyamba, malipiro poyerekeza ndi ndalama zonse zolowa. UEFA inaika malire akuti malipiro a osewera ndi makochi, kuphatikiza zogulira osewera ndi za maejenti, zisapitirire 70 peresenti ya ndalama zolowa. Anayambira pa 90, n'kutsika pa 80, kufika pa 70 mu sizoni ya 2025/26. Timu yanu ingakhale siili pansi pa UEFA, muyeso umenewu ndi wothandiza. Ikadutsa 80 dziwani kuti wina akuthira ndalama za m'thumba mwake mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku limene adzatope ndi tsiku limene malipiro adzaima.

Chachiwiri, ngongole, makamaka kuti mwini ngongoleyo ndani. Mwini timu akamadzitama kuti wathira ndalama zambiri, funsani ngati anagula masheya kapena anakongoza timu. Akagula masheya ndalamazo zalowa basi. Akakongoza, adzazifuna, nthawi zina ndi chiwongoladzanja, ndipo wofuna kugula timuyo amayamba wathawa akaona mulu wa ngongole. Palinso njira ina yoipa kwambiri: kugula timu ndi ndalama zokongola kenako n'kusenzetsa ngongoleyo timu yomweyo. Ndi zimene banja la Glazer linachita ndi Manchester United mu 2005, pamtengo wa pafupifupi £790 miliyoni. Timu yomwe inalibe ngongole inayamba kulipira chiwongoladzanja chaka ndi chaka kuchokera ku ndalama za matikiti ndi za wailesi yakanema.

Chachitatu chikuyankha funso lanu la anyamata ogulitsidwa aja. M'mabuku a zachuma, mtengo wogulira wosewera umagawidwa pa zaka za kontrakiti yake. Tinene kuti mwagula wosewera pa 50 miliyoni kwa zaka 5. Mabuku amalemba 10 miliyoni chaka chilichonse. Pakatha zaka ziwiri iye akadali ndi mtengo wa 30 m'mabuku, ndiye mukamugulitsa pa 25 mwalemba kuluza kwa 5. Koma mwana wokulira pa timu pompo mtengo wake m'mabuku ndi ziro, choncho mukamugulitsa pa 25 yonseyo imalembedwa ngati phindu. N'chifukwa chake timu yomwe yapanikizika imagulitsa ana ake n'kusunga wosewera wodula yemwe akungotentha benchi. Mukaona izi zikuchitika chaka cha zachuma chitatsala pang'ono kutsekedwa, ndiye kuti akutseka bowo, si nkhani ya kochi.

Zakuba zimabisala pa mizere iwiri: ndalama zolipira maejenti ndi "alangizi", komanso malonda apakati pa timu ndi makampani a akuluakulu a timu omwewo. Funsani kuti basi, hotela, mayunifomu ndi achitetezo amachokera ku kampani ya ndani, ndipo anapikisana ndi ndani kuti apate ntchitoyo. Za pageti nazo n'zosavuta kuyesa: matikiti osindikizidwa, ogulitsidwa, aulere ndi otsala ayenera kugwirizana ndi ndalama zomwe zalowa ku banki. Bwalo likadzadza koma lipoti n'kunena theka, musafunenso umboni wina.

Namba6

Ndiwonjezere pa nkhani ya malipiro ochedwa, chifukwa anthu amaiona ngati yaing'ono. Malamulo a FIFA okhudza osewera amati wosewera akapanda kulandira malipiro a miyezi iwiri, amalembera timu kalata yoipatsa masiku 15. Masikuwo akatha osalipidwa, ali ndi ufulu wothetsa kontrakiti n'kuchoka ulere, ndipo timu imayenera kumulipirabe chipukuta misozi. Ndiye mnyamata amene mukanagulitsa ndalama zambiri amapita popanda ngakhale kobiri. Nkhani ikafika ku FIFA, timu n'kulephera kulipira pa masiku 45 chigamulo chitaperekedwa, imaletsedwa kulembetsa osewera atsopano, mpaka nyengo zitatu zotsatizana za msika wa osewera. Dziwani kuti FIFA imamva kwambiri milandu ya osewera ochokera kunja. Ya osewera a m'dziko lomwelo imayambira ku bungwe la mpira la dzikolo.

Za makochi ndi chimodzimodzi. Kochi wochotsedwa kontrakiti isanathe amalipidwa zotsala pokhapokha atagwirizana zina. Mukachotsa atatu motsatizana mukhoza kupezeka mukulipira anthu anayi pa mpando umodzi. Choipa china n'chakuti kochi aliyense amabwera ndi osewera ake, wotsatira sawafuna, mndandanda wa olandira malipiro n'kumangotupa. Timu yoyendetsedwa bwino imakhala ndi mkulu woona zamasewero amene amasankha kaseweredwe ndi osewera, kochi n'kubwera kudzalowa m'dongosolo lomwe lilipo kale. Funso loti muwafunse ndi lalifupi: amene amasaina kuti wosewera uyu agulidwe ndani? Akayamba kuyang'anizana mwapeza gwero.

Ndipo musamati timu yaikulu singafe. Ku England, Derby County inalandidwa mapointi 21 mu sizoni ya 2021/22 chifukwa cha zachuma, n'kutsika ligi. Everton inalandidwa 10 mu November 2023, apilo n'kuwatsitsa kufika pa 6, kenako n'kulandidwanso ena awiri. Bury, timu yomwe inakhazikitsidwa mu 1885, inachotsedwa mu ligi mu August 2019 chifukwa cha mavuto a zachuma.

Mlembi_wa_Nthambi

Funso lachiwirilo ndiyankhe ine. Zionetsero zimene zinaphula kanthu zili ndi chinthu chimodzi chofanana: pempho limodzi lomveka, lomwe eni timu angayankhe ndi inde kapena ayi.

Mu February 2016 masapota a Liverpool anatuluka m'bwalo la Anfield pa mphindi ya 77 pokana tikiti ya £77. Sabata isanathe eni timu anapepesa n'kusiya mtengowo. Mu April 2021 matimu 12 akuluakulu a ku Ulaya analengeza ligi yawoyawo yotchedwa European Super League, masapota a ku England anadzadza kunja kwa mabwalo, ndipo pasanathe masiku atatu matimu onse asanu ndi limodzi a ku England anali atatulukamo. Ku Germany kumayambiriro kwa 2024 masapota ankaponya timipira ta tenisi m'bwalo kuimitsa masewero sabata ndi sabata, mpaka akuluakulu a ligi anasiya ganizo logulitsa gawo la ndalama za wailesi yakanema kwa kampani yoika ndalama. Cardiff City, yomwe mwini wake Vincent Tan anasintha mtundu wa yunifomu kuchoka pa buluu kupita pa yofiira mu 2012, inabwerera ku buluu mu January 2015 masapota atakaniratu kusinthako.

Tsono yerekezani ndi mfuu yoti "achoke". Masapota a Manchester United anachititsa kuti masewero awo ndi Liverpool alephereke pa 2 May 2021, dziko lonse linaona, koma banja la Glazer silinachoke. Munthu sangasiye katundu wake chifukwa mwamukuwiza. Amasiya pakapezeka wogula ndi mtengo womukomera.

Ndiye chitani izi. Lembetsani bungwe la masapota mwalamulo, likhale ndi malamulo ake, kaundula wa mamembala olipira, akaunti ya ku banki yosainira anthu osachepera awiri, ndi zisankho za nthawi yoikika. Atsogoleri ake asalandire tikiti yaulere, ulendo kapena alawansi kuchokera ku timu. Apa ndi pamene magulu ambiri amafera: wapampando akangokwera basi ya timu kamodzi, pakamwa patsekeka. Sankhani mapempho osapitirira atatu, mwachitsanzo kutulutsa lipoti la zachuma pofika tsiku lakutilakuti, msonkhano ndi akuluakulu kanayi pachaka wokhala ndi maminitsi ofalitsidwa, ndi lonjezo lolembedwa loti dzina, chizindikiro, mitundu ndi bwalo sizisintha popanda voti ya masapota. Lembani kalata, perekani masiku oti ayankhe, tumizani kope ku bungwe loyendetsa ligi ndi kwa masiponsa. Siponsa ndiye amamva msanga, chifukwa analipira kuti dzina lake limveke bwino.

Zoti mupewe: kulowa m'bwalo, kugenda, kutsekereza basi ya osewera, kupita kunyumba za akuluakulu. Pamalamulo a mpira timu ndiyo imalangidwa pa zochita za masapota ake, ndiye chindapusa kapena kusewera popanda oonerera kumagwera timu yomwe mukuti mukuipulumutsa. Komanso tsiku lomwelo nkhani imasintha, atolankhani amasiya za ndalama n'kuyamba za zipolowe zanu.

Wapampanda

Zikomo akuluakulu, zatseguka m'maso. Nanga bwanji osangolimbana kuti timu ikhale m'manja mwa masapota basi, ngati ku Germany?

Gogo_wa_Mpira

Mwana wanga, pamenepo pitani pang'onopang'ono. Lamulo la ku Germany la 50+1 limati mamembala akhale ndi mavoti opitirira theka m'kampani yoyendetsa timu, ndipo ngakhale kumeneko Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg anapatsidwa mwayi wapadera chifukwa cha makampani omwe akhala akuwathandiza kuyambira kale. Lamuloli limateteza timu kwa munthu wobwera kudzaigula ngati galimoto, koma silipanga atsogoleri kukhala anzeru.

Barcelona ndi ya mamembala. Mu August 2021 pulezidenti wake Joan Laporta analengeza ngongole ya mayuro 1.35 biliyoni, ndipo mwezi womwewo Lionel Messi anachoka chifukwa timu sikanatha kumulembetsa pansi pa malire a malipiro a La Liga, ligi ya ku Spain. Amene anafikitsa timu pamenepo anasankhidwa ndi mamembala omwewo. Pachisankho wolonjeza osewera odula amagonjetsa wolonjeza kubweza ngongole, ndipo ovota ndi ife tomwe. Ubwino wake ndi umodzi, ndipo si wochepa: mamembala anasonkhanitsa masiginecha pafupifupi 20,000 ofuna voti yochotsa Josep Maria Bartomeu, pulezidenti wa nthawi imeneyo, iye n'kutula pansi udindo mu October 2020 voti isanachitike. Ku kampani ya munthu khomo limenelo kulibe.

Vuto lina ndi thumba. Masapota a Portsmouth anapulumutsa timu yawo mu 2013, anaichotsa m'ngongole, koma mu 2017 anavota okha kuigulitsa kwa Michael Eisner, munthu wachuma wa ku America, poona kuti kukonza bwalo la Fratton Park ndi kukwera maligi kumafuna ndalama zomwe zopereka za mamembala sizikanakwanitsa. Exeter City yakhala m'manja mwa masapota kuyambira 2003, AFC Wimbledon inayambitsidwa ndi masapota mu 2002 n'kukwera kuchokera pansi penipeni mpaka kulowa mu Football League, maligi a akatswiri a ku England, mu 2011. Zimatheka, koma matimu amenewa amadya zomwe apeza, ndipo nawonso amagulitsa ana awo abwino kuti chaka chithe.

Ndiye musanayambe kampeni yotenga timu, khalani pansi ndi lipoti lija Wamabuku wanena, muchotse ndalama zonse zomwe mwini timu amathira pachaka, muone chotsala. Gawani bowolo ndi chiwerengero cha mamembala amene analipiradi chaka chatha, osati otsatira tsamba la timu pa Facebook. Yankho lake ndi ndalama imene aliyense ayenera kupereka chaka chilichonse, timu ipambane kapena igonje. Ikakhala yosatheka, limbanirani zocheperapo koma zogwirika: mpando umodzi kapena iwiri mu bodi yosankhidwa ndi masapota, ufulu woona mabuku, ndi mphamvu yokana kugulitsidwa kwa bwalo. Mfundo ya bwaloyo ilembedwe ndi loya m'malamulo a kampani, chifukwa lonjezo la pamsonkhano wa atolankhani limatha tsiku limene mwini timu wasintha.