Ana akungodina batani, nkhope zonse zikufanana

Mphunzitsi watsopano: Anzanga, ndigaireni nzeru. Ana anga a zaka 14 mpaka 16 ndawapatsa ntchito yopanga positala ya nkhope ya munthu, yosachita kufanana ndi ya kamera koma yoti ukaiona udziwe kuti uyu ndi uje. Theka la kalasi lalowetsa chithunzi mu pulogalamu yojambulira pa kompyuta ya Inkscape, kudina batani la Trace Bitmap lomwe limatsata lokha mizere ya chithunzicho, basi ati tamaliza. Chotuluka ndi tizigamba mazanamazana, nkhope ngati yatuluka ziwengo. Enawo ajambula maso akuluakulu a anime (makatuni a ku Japan) ndi kachibwano kosongoka, moti gogo ndi mdzukulu akuoneka ngati mapasa. Ndalankhula mpaka mawu kusasa.

Wakale pantchito: Zimitsani makompyuta sabata yathunthu, mayi. Ine ndimawapatsa sizasi ndi mapepala atatu okha, lakuda, lotuwa ndi loyera. Pensulo ayi. Mwana ayang'ane chithunzicho motsinzina pang'ono mpaka tizinthu ting'onoting'ono tizimiririke, kutsale mthunzi wa pansi pa mphuno, m'maenje a maso ndi kunsi kwa chibwano. Adule zimenezo basi. Ndi sizasi sungadule tsitsi limodzilimodzi, ndiye afune asafune asankha chotaya, chomwe batani lija likumusankhira panopa. Muwauzenso kuti Matisse, wojambula wotchuka wa ku France, thanzi litafooka m'zaka za m'ma 1940, ankagwira ntchito ndi sizasi yomweyi.

Wa mu labu: Akuluakulu, sabata yonse yachuluka, ana amenewa akuthawani. Tsiku limodzi la sizasi likwana, kenako abwerere ku kompyuta koma ndi lamulo loti mitundu isapitirire inayi. Aonetseni positala ya Hope ya Obama yomwe Shepard Fairey anapanga mu 2008, awerenge okha mitunduyo. Musabise kuti chithunzi chomwe anatengerapo chinali cha bungwe la nkhani la Associated Press, ndipo mkangano wa umwini wa chithunzicho unatha ndi kugwirizana mu 2011. Pachifukwa chimenecho anga amadzijambulira okha pa foni, nyali ili mbali imodzi. Fulashi yakutsogolo imapha mithunzi yonse, palibe chodula.

Wojambula makatuni: Za anime musaletse, mungodana nawo. Aphunzitseni kuwerenga mitu. Munthu wamkulu kutalika kwake ndi mitu pafupifupi 7 ndi theka, chibi (tianthu tating'ono ta mitu ikuluikulu ta mu anime) ndi mitu 2 kapena 3, zojambula za mafashoni zimafika 9. Akadziwa kuti maso amakhala pakati penipeni pa mutu, osati m'mwamba, ndiye aphwanye lamulolo mwadala, koma akuze chinthu chimodzi chokha chimene chili cha munthuyo. Chenjezo langa: asajambule mnzawo osamupempha. Kwanga mtsikana wina analira atamukuzira mano, ndipo cholakwa chinali changa chifukwa sindinanene poyamba.

Wakale pantchito: Pa thupi lonse onjezani tizithunzi ta masewera ta Otl Aicher, wojambula wa ku Germany, ta Olimpiki ya ku Munich mu 1972. Nkhope palibe, koma wothamanga ndi wosambira suwasokoneza.

Mphunzitsi watsopano: Ndayesa masiku awiri a sizasi, aliyense akudzipanga yekha. Tinapachika zonse pakhoma popanda mayina kuti anzawo alote. Mnyamata wina anangodula chipumi chake chachikulu ndi mafelemu a magalasi, kalasi yonse inamutchula nthawi yomweyo. Atatu sanadziwike, onse anaumirira maso a anime aja, ndawauza abwereze Lachinayi. Achimwene a mu labu, pakhoma pomwe mumajambulira ana anu mumaikapo nsalu yakuda kapena yoyera?